Kwa amayi a shopu ya ku Kamwala: musamuuze kuti Lolemba asabwere

Amayi, ndawerenga funso lanu kawiri. Mwati mtsikana amene amakugulitsirani m'shopu ku Kamwala, mu Lusaka, wakhala nanu zaka ziwiri, munachita kukamutenga kumudzi ku Katete, palibe pepala lomwe munasainirana, ndipo miyezi ino ndalama za m'kabati sizikukwana. Mukufunsa ngati mungangomuuza kuti Lolemba asabwerenso. Ambiri pano akuti shopu ndi yanu, chitani zomwe mukufuna. Ine ndikupemphani kuti muugwire kaye mtima, chifukwa njira imeneyo ndinaiyendapo ndipo inandidyera ndalama zoposa zomwe zinasowazo.

Ndili ndi kashopu ka zitsulo ndi penti. Mu 2021 matumba a simenti atasowa m'shopumo, ndinathamangitsa mnyamata wanga tsiku lomwelo, mtima uli m'mwamba. Patangopita masabata awiri ndinaitanidwa ku ofesi ya zantchito. Kumeneko sanayambe n'kufunsa ngati anabadi. Anafunsa kuti kontrakiti ili kuti, ndinamupatsa mpata wodziyankhira kapena ayi, nanga NAPSA yake, ndalama za penshoni, ndinkalipira? Ndinangoti kakasi.

Lamulo lomwe tikuyendera ndi Employment Code Act ya 2019, ndipo silisankha kuti uyu ndi kampani yaikulu, uyu ndi kashopu ka chipinda chimodzi. Masiku ongopereka notisi osanena chifukwa anapita. Pamafunika chifukwa chomveka, chokhudza khalidwe la wantchito, kulephera kwake ntchito, kapena kuti bizinesiyo sikufunanso ntchito yakeyo. Ndipo chifukwa chikakhala cha khalidwe, ngati mmene zilili kwa inu, simungamuchotse musanamumve.

Mwina mumtima mukuti popeza palibe pepala ndiye kuti mtsikanayo alibe pogwira. Apa ndi pamene ambiri timagwera m'mbuna. Ntchito ya miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo imayenera kukhala ndi kontrakiti yolembedwa, ndipo woyenera kuikonza ndinu, osati iye. Ngakhale mutagwirizana pakamwa, lamulo limafuna kuti wolemba ntchito asunge zolemba za mgwirizanowo. Mukalephera kuzionetsa pa mkangano, mawu a wantchito onena malipiro ndi zomwe munagwirizana ndi amene amalandiridwa ngati umboni, kufikira inuyo mutatsimikiza kuti si zoona. Musadzanenenso kuti ndi waganyu. Munthu amene watsegula shopu m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri si waganyu, ndipo kusunga munthu ngati waganyu pa ntchito yokhazikika n'koletsedwa.

Tsono chitani chonchi. Werengani katundu ndi ndalama iye ali pomwepo, mulembe m'buku, nonse musaine. Kenako mulembereni kalata yaifupi yonena tsiku, ndalama zomwe zasowa, ndi kuti ayankhe molemba pasanathe masiku angapo. Akayankha, khalani naye pansi pali mboni, iyenso abwere ndi munthu wake, wina azilemba zomwe zikunenedwa. Zimaoneka ngati zochuluka pa shopu yaing'ono, koma ndi mapepala atatu okha ndi madzulo amodzi.

Ndipo amayi, kumumverako musakuone ngati mwambo wongokwaniritsa lamulo. Ndani winanso amagwira kabatiyo? Ana anu akabwera kuchokera kusukulu satengamo ya basi? Bambo akunyumba sapatsa anzawo katundu pa ngongole osalemba? Nanga ndalama za Airtel Money ndi MTN zomwe zimalowa pa foni yanu, mumaziphatikiza powerengera madzulo? Kwa ine zinadziwika mochedwa kuti matumba ena a simenti anatengedwa pa ngongole ndi kasitomala wanga wakale, ine ndili ku maliro. Mpaka lero zimandiwawa ndikakumbukira nkhope ya mnyamata uja.

Zikapezekadi kuti anaba, lamulo limakulolani kumuchotsa nthawi yomweyo popanda notisi, koma pasanathe masiku anayi muyenera kupereka lipoti lolembedwa kwa ofesala wa zantchito, lofotokoza zomwe zinachitika. Ngakhale wakuba, malipiro a masiku amene wagwira ndi ake, masiku a tchuthi amene sanapume ndi akenso. Tchuthi ndi masiku awiri pamwezi, choncho ngati pa zaka ziwirizi sanapiteko, mukukamba za masiku 48. Mumupatsenso kalata yosonyeza kuti anagwira ntchito kwa inu kuyambira liti mpaka liti.

Umboni ukapanda kukwana, musakakamize mlandu. Pa ntchito yoposa miyezi itatu notisi yake ndi masiku 30 kapena malipiro a mwezi m'malo mwake, komabe chifukwa chomveka chiyenera kukhalapo. Wina mwa okuyankhani wakulangizani kuti mungonena kuti bizinesi yatsika. Chenjerani nawo malangizo amenewo. Kuchotsa munthu chifukwa ntchito yachepa kuli ndi mtengo wake, malipiro a miyezi iwiri pa chaka chilichonse chomwe wagwira, ndiye kwa inu ndi miyezi inayi. Komanso mukadzalemba wina pa malo omwewo mwezi wotsatira, bodzalo lidzaonekera poyera. Wantchito ali ndi masiku 90 okadandaula ku nthambi ya High Court yoona milandu ya zantchito.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa nkhani yanu si kabatiyo ayi, ndi NAPSA, yomwe simunaitchule n'komwe. Wantchito amadulidwa 5 peresenti, inu mumaikapo 5 peresenti, zilipiridwe pofika pa 10 mwezi wotsatira, ndipo kuchedwa kuli ndi chindapusa chomwe chimakula mwezi ndi mwezi. NHIMA, inshuwalansi ya zaumoyo, ndi 1 peresenti mbali iliyonse. Ya Workers' Compensation, yothandiza wantchito akavulala pa ntchito, mumalipira nokha, osamudula. Kuyambira 2023, pamene boma linalola anthu kutapako 20 peresenti ya ndalama zawo za NAPSA asanapume pa ntchito, antchito ambiri anatseguka maso, amafufuza okha ngati abwana awo akulipira. Onaninso malipiro ochepetsetsa a antchito a m'mashopu, omwe anakwezedwa kuyambira January 2024. Ngati mumamupatsa zochepera pamenepo poganiza kuti amadya nsima kwanu, zotsalazo angathe kuzifuna zonse.

Za apolisi, musathamangire kumutsekeretsa pongomuganizira. Mwanayu munamutenga m'manja mwa makolo ake, ndipo ku Katete mudzapitabe, pa ukwati kapena pa maliro. Ngati alidi wolakwa, mapepala amene ndanena aja ndi omwe adzakuyankhireni, kwa abale ngakhalenso kukhoti.

Mwayi wanu ndi woti Unduna wa Zantchito uli pafupi nanu, ku New Government Complex mu Independence Avenue, mungathe kupita wapansi kuchokera ku shopu. Lolembalo musiyeni atsegule monga mwa masiku onse, inu mutenge buku la malipiro, ngati lilipo, mukayambe mwafotokozera ofesala wa zantchito nkhani yonse musanalembe kalata ija.