Zokongoletsa Mtengo wa Khirisimasi Zosafewa Msanga

Amayi, ngati mukufuna kuti zokongoletsa zanu zikhalitse pamtengo, musagwiritse ntchito mabisiketi odyedwa, koma kandani makapu 2 a ufa wa tirigu pamodzi ndi kapu 1 ya mchere ndi kapu 1 ya madzi. Mukadula tizidutswa, boolani kabowo kodutsitsira ulusi musanatiike mu uvuni, kenako mutiumitse pa moto wochepa wa madigiri 120 kwa maola 2 kapena 3. Ine ndaona kuti mabisiketi a shuga amafewa msanga chifukwa cha chinyezi cha mvula ya mu Disembala, ndipo nyerere sizichedwa kuwapeza. Komabe zokongoletsa zamcherezi si zodya, choncho mwana wamng'ono akameza chidutswa chachikulu, thamangirani naye kuchipatala kuti dokotala akamuone.