Mayi, pulojekiti ya latch musamuletse

Mayi wina walemba kuti mwana wake wamkazi, yemwe akuphunzira zamagetsi kukoleji, wasankha pulojekiti yogwiritsa ntchito latch polamula maswitchi a pa waya wodutsa data. Anzake akupanga mapulogalamu a pafoni, ndiye mayiyo akuopa kuti mwanayo akutaya nthawi ndi zachikale zosapezetsa ntchito.

Mayi, mtima pansi. Latch ndi yakale ndithu, koma sinathe ntchito.

Waya wa data sukhala ndi nambala imodzi. Pano wanyamula iyi, kuphethira kamodzi wanyamula ina. Switchi yolumikizidwa ku waya wotere mwachindunji imangoyaka n'kuzima chisawawa, n'chifukwa chake pakati amaikapo latch, yomwe imagwira 0 kapena 1 n'kusunga mpaka itauzidwa zina. Mu chip ya 74HC573 muli ma latch 8. Phini yake yolamula kugwira data, yotchedwa LE, ikakhala pa 1, zomwe zili pa waya zimangodutsa. Ikatsika pa 0, latch imagwira zomwe inaona komaliza, waya n'kupitiriza ntchito zina. Zotuluka mu latch ndizo zimayatsa ndi kuzimitsa maswitchi, monga anayi a mu chip ya CD4066. Intel 8051, kakompyuta ka mu chip imodzi ka mu 1980, kamachita zomwezi: mawaya 8 omwewo amanyamula adilesi kenako data, ndipo chizindikiro cha ALE chimauza latch nthawi yogwira adilesiyo.

Zotsatirazi mumuwerengere mwiniwakeyo. Iwe mwanawe, kulumikiza mawaya pa breadboard (bolodi loyeserapo) sikudzakuvuta, chidzakuvute ndi nthawi. Data iyenera kukhazikika LE isanatsike, ikhalebe chomwecho kanthawi itatsika. Nthawi ziwirizi zimatchedwa setup time ndi hold time, uzifufuze mu datasheet, chikalata chofotokoza za chipyo. Ndi ma nanosecond chabe, koma ukawaphonya latch imagwira zolakwika mwa apo ndi apo, ndipo vuto lobwera mwa apo ndi apo ndilo limasowetsa tulo.

Samalanso poyatsa. Magetsi akangofika, latch imadzuka ndi nambala iliyonse. Maswitchi awiri akayakira limodzi, zipangizo ziwiri zimalimbirana waya umodzi, china chikukokera ku 1 china ku 0, data n'kusokonekera, nthawi zina chip n'kutentha. Ika resistor yokokera phini ya OE ya latch pa 1, zomwe zimatseka zotuluka zake, mpaka pulogalamu italemba nambala yoyenera, ndi ma resistor a 10k okokera maphini olamula CD4066 pa 0 kuti asangolendewera. Posintha, zimitsa switchi yakale kaye, kenako uyatse yatsopano. Capacitor ya 100 nF pafupi ndi phini ya magetsi ya chip iliyonse usaiiwale. Dziwanso kuti pa 5 V switchi ya CD4066 imakhala ndi ma ohm mazana angapo ngakhale itayaka, choncho siyoyenera waya wothamanga ngati wa USB.

Za ntchito, mayi, njira zilipo. M'mafakitale, batani la START limene munthu amalidina n'kulisiya makina n'kumayendabe limagwira ntchito mwa nzeru ya latch yomweyi, ndipo amisiri a PLC, makompyuta olamula makina, amailemba tsiku ndi tsiku. Olemba Verilog kapena VHDL, zinenero zokonzera ma chip monga FPGA, amalimbana ndi latch yobadwa mwangozi akaiwala kulemba liwu la else. Pa intavyu ya ntchito zoterezi amakonda kufunsa kusiyana kwa latch ndi flip-flop. Wongoloweza amachita chibwibwi, pamene amene anaikapo 74HC574, yomwe ndi flip-flop, m'malo mwa 74HC573 n'kuona kuti imagwira data pokhapokha chizindikiro cha clock chikamakwera kuchoka pa 0 kupita pa 1 amayankha mosaphethira.

Ngati mwanayo ali ndi Arduino, bolodi laling'ono lolembedwa pulogalamu, asaitaye, ndiyo itumize data ndi kulamula LE. Ngati mukufuna kumuthandiza, mugulireni kapena mubwerekereni logic analyser yaing'ono, chipangizo choonetsa ma 0 ndi 1 a pa waya, ajambule mmene LE ndi data zikusinthira, zithunzizo aziike mu lipoti lake pamodzi ndi vuto lililonse limene anakumana nalo ndi mmene analithetsera.