Ndikufuna kufufuza za dark matter, kodi ntchito ilipo?

Funso: Zikomo akonzi, ine ndili chaka chachitatu ku yunivesite ndikupanga physics ndi masamu, ndiye mtima wanga uli pa dark matter ndi ma gravitational waves koma anzanga akungondiseka ati ndidzafa ndi njala. Njira yake imayenda bwanji? Wophunzira wodandaula.

Yankho: Anzanuwo akukokomeza, komabe sikuti akunamiratu ayi. Mukamaliza digiriyo pali masters, kenako PhD ya zaka 3 mpaka 6, ndiye ma postdoc, timakontirakiti ta zaka 2 kapena 3 tongokusamutsani dziko ndi dziko, ndipo malo okhazikika a ulekichala ndi ochepa koma owafuna ndiye mbwee. Komanso theory sikuyang'ana nyenyezi usiku ayi, ndi masamu tsiku lonse, general relativity, quantum field theory, pepala ndi kompyuta basi.

Pa ziwirizo ine ndingati pendekerani ku ma gravitational waves, mafunde oyenda mu space amene amabuka zinthu zolemera kwambiri zikamazungulirana kapena kugundana. Dark matter ija, zinthu zosaoneka zimene zimadziwika ndi mphamvu yake yokoka basi, katswiri wa zakuthambo Fritz Zwicky anaitulukira mu 1933 ataona kuti milalang'amba ya gulu la Coma ikuthamanga kwambiri moti ikanabalalika pakanapanda china chake chosaoneka choikoka, Vera Rubin naye anapeza zofanana m'ma 1970 pa nyenyezi za m'mphepete mwa milalang'amba, koma mpaka lero palibe wagwirapo ka particle kake ngakhale ndi pafupifupi 85 peresenti ya matter yonse. Mutha kukalamba mukulemba mapepala za chinthu choti mwina kulibeko m'mene mukuchiganizira.

Ma waves ndi nkhani ina. Einstein anawalosera mu 1916, ndipo pa 14 September 2015 LIGO, makina a ku America opimira mafundewa, inawamva koyamba kuchokera ku ma black hole (malo okoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikutulukamo) awiri amene anaphatikizana, mikono ya makina aja ya makilomita 4 ku Hanford ndi Livingston inatalika n'kufupika pang'ono kwambiri kosafika n'kukula kwa proton imodzi (kachidutswa ka mkati mwa atomu), tangoganizani. Kuyambira pamenepo data ikungobwera ndipo pakufunika anthu owerengera kuti chizindikiro cha ma black hole akuti chizioneka chonchi.

Pakali pano limbikirani linear algebra ndi Python (chinenero cholembera mapulogalamu a kompyuta), zomwezo ndi zimene makampani amalembera anthu a physics njirayi ikakanika. Mufufuzenso dipuloma ya chaka chimodzi ya ICTP (International Centre for Theoretical Physics) ku Trieste, Italy, malo amene Abdus Salam anayambitsa mu 1964, amatenga ophunzira a m'mayiko osauka n'kuwalipirira, kungoti amafuna magiredi abwino ndi makalata ochokera kwa malekichala anu, ndiye yambani kuwazolowera pano.