Ndikaidzutsa ndi batani, laputopu imazimiratu

Funso: Amisiri, ndili ndi laputopu ya kaunjika yomwe mnzanga anandiikira Linux. Ndikamapita kokadya ndimaigoneka pa suspend. Ndikabwerako n'kudina batani loyatsira, sikirini imawala, ntchito yanga imaoneka kamphindi, kenako zonse zii. Sabata yatha ndinaluza masamba atatu a lipoti omwe ndinali ndisanasunge. Kodi batanilo lafa?

Yankho: Pepani kwambiri ndi masamba atatuwo, zimawawa. Koma batani lanu ndi lamoyo. Likanakhala lakufa, sikirini sikanawala n'komwe.

Kompyuta ikagona tulo tomwe malamulo a ACPI (oyendetsera moto mu kompyuta) amatitcha S3, pafupifupi chilichonse chimazima kupatula RAM, yomwe imapatsidwabe moto pang'ono kuti isaiwale zomwe munatsegula. Mukadina batani, firmware, pulogalamu yokhazikika pa bodi yaikulu ya mkati mwa laputopu, ndi imene imadzutsa makina. Tsono pa malaputopu ena, kudina komweko kumakafikanso ku Linux ngati uthenga watsopano. Amene amaulandira ndi systemd-logind, pulogalamu ya mkati mwa Linux, ndipo ngati palibe wamuuza zina, lamulo lake ndi loti batani likadinidwa azimitse kompyuta. Chala chanu chadina kamodzi, koma makina amva kawiri: dzuka, zima.

Musanasinthe kanthu, tsimikizani kaye. Zikachitikanso, iyatseni, tsegulani terminal (pulogalamu yolemberamo malamulo) n'kulemba:

journalctl -b -1 | grep -i "power key"

Apa mukuwerenga kaundula wa ulendo womwe inazima uja. Mukaona mawu akuti "Power key pressed" pa nthawi yeniyeni yomwe munaidzutsa, wakuba tamugwira.

Ngati desktop ya Linux yanu ndi ya mtundu wa GNOME, lowani mu Settings, gawo la Power, ndipo pa Power Button Behavior sankhani Nothing. Ngati desktop yanu ilibe posankhira potere, tsegulani fayilo ya /etc/systemd/logind.conf ndi sudo (lamulo lokupatsani mphamvu zosintha mafayilo otetezedwa), pezani mzere wa HandlePowerKey, fufutani kachizindikiro ka # koyambirira, mzerewo ukhale HandlePowerKey=ignore. Sungani, kenako zimitsani kompyuta bwinobwino n'kuiyatsanso. Ambiri amaiwala ka # kaja, ndiye amadabwa kuti palibe chasintha.

Ena angakuuzeni kuti mulembe suspend m'malo mwa ignore. Pa makina ngati anuwa, ine ayi. Ndinaionapo ina patebulo langa: ndikadina, feni iyamba kulira, sikirini iwala, kanyale kayambanso kuphethira, yagonanso. Mwini wake anafika poganiza kuti bodi yapsa. Ndipo musaope kuti ignore ilemaza batani. Kuyatsa ndi kudzutsa ndi ntchito ya firmware, sizidutsira kwa logind. Chomwe mwataya n'kuzimitsa ndi batani basi, muzizimitsira pa menyu.

Zikapitirirabe, onani ngati muli pulogalamu yakale yotchedwa acpid. Nayo imamvera batani lomweli kudzera m'mafayilo a mu /etc/acpi/events, ndipo ikhoza kumazimitsa payokha.

Nanga mu kaundula mukapanda kupezamo kanthu? Pamenepo ndimakayikira zinthu ziwiri. Choyamba ndi chala. Sikirini ikachedwa kuwala, ambirife timakanikizabe batani osalisiya, koma mukaligwira pafupifupi masekondi 4, bodi imadula moto yokha osafunsa Linux, ndipo zonse za mu RAM zimapita. Dinani kamodzi, chotsani dzanja, werengani mpaka teni. China ndi batire. La kaunjika lotopa limakwanitsa kusunga RAM ili mtulo, koma purosesa ndi sikirini zikadzuka n'kufuna moto wambiri nthawi imodzi, limagonja. Yesani kuidzutsa chaja ili m'magetsi. Ikadzuka bwino choncho, vuto ndi batire, ndipo logind.conf musaikhudze.

Pakadali pano, yesani kudzutsa potsegula chivindikiro kapena podina kiyibodi, malaputopu ambiri amalola. Ndipo chonde, musanaigoneke, dinani Ctrl ndi S pa lipotilo.