Makina akadali amoyo, musawataye chifukwa cha laputopu

Achimwene ena a ku Lizulu andilembera kuti kompyuta imene imayendetsa makina awo odulira masitika a maminibasi yafa, ndipo pulogalamu yake imagwira pa Windows XP pokha. Akufunsa kuti agule laputopu yanji. Achimwene, funso lanuli landikumbutsa nkhani imene imandiwawabe mumtima.

Alamu anga pa Dedza boma amapeta mabaji a sukulu ndi makina amene anagula kwa munthu wina. Fizi ya ana, feteleza wa kumunda kwa mbatata, zonse zimachokera pa makina amenewo. Usiku wina magetsi anabwera mwamphamvu, kompyuta n'kupsa. Anatenga ndalama za chipeleganyu ulendo wa ku Lilongwe. Mnyamata wa m'sitolo anawatulutsira laputopu yopyapyala, yonyezimira, amvekere, "Iyi imanyamula chilichonse, madala." Sanawafunse n'komwe kuti akukagwiritsa ntchito yanji. Tinachezera nayo m'chisanu cha Dedza chija. CD ya XP inalibe polowera. Titayesa pa fulashi, inakana. Chingwe cha makina nacho chinalibe pobayira. Apo n'kuti sukulu zili pafupi kutsegulidwa, makolo akubwera pakhomo ndi mayunifomu m'manja, mlongo wanga akungowapepesa. Ntchito yonse inapita kwa telala wina. Atabwerera kusitolo kuja, anawaloza chikwangwani choti katundu akagulidwa sabwezedwa. Munthu wamkulu uja anaonda ine ndikuona.

Chimene chimandikwiyitsa ndi mawu aja akuti "zachikale izo, gulani zatsopano." Wonena zimenezi sanafunsepo mtengo wa makina opetera atsopano, ndiponso sadziwa kuti kupeza madola oitanitsira katundu kunja n'kovuta bwanji masiku ano. N'zoona kuti Windows XP inatuluka mu 2001, ndipo Microsoft inasiya kuisamalira pa 8 April 2014. Koma ngati makina akudula bwinobwino ndipo makasitomala akukhutira, vuto lili pati? Ine ndafika ponena kuti wogulitsa amene sakufunsani ntchito ya kompyutayo asanatchule mtengo, mutulukemo m'sitolo mwakemo. Ameneyo akuona thumba lanu basi.

Komatu anyamata ena amene amati amadziwa makompyuta nawonso amandikhumudwitsa. Amaika XP, kenako n'kulumikiza ku intaneti kuti abwana azionera Facebook. Zimenezo ayi. Mu May 2017 vairasi ya WannaCry inasokoneza makompyuta m'mayiko ambiri, mpaka zipatala za ku Britain, moti Microsoft inachita kutulutsa chigamba chapadera cha XP ngakhale inali itaisiya kale. Kwathu kuno choopsa kwambiri ndi fulashi. Fulashi imene yazungulira m'malo oikitsira nyimbo pamsika isayandikire kompyuta ya makina. Mukhale ndi imodzi ya ntchito yokhayo. Ndipo za magetsi, musachite kuuzidwa kawiri: gulani kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu. Ubwino wa laputopu ndi woti batire imakupatsani mpata wosunga ntchito magetsi akazima, ngakhale makinawo ataima.

Tsono mugule iti?

Yambani mwayang'ana chingwe cha makina anu. Ngati chili ndi mutu wa mabowo 9, umene amati serial, funani Dell Latitude D630 ya mu 2007, chifukwa ili ndi pobayira pake kumbuyo. Musankhe imene kachipangizo kake koonetsa zithunzi pa sikirini ndi ka Intel, popeza ta NVIDIA ta nthawi imeneyo tinkafa ndi kutentha. Ngati ndi mutu waukulu wa mapini 25, wa mapulinta akale, ThinkPad T42 kapena T43 ndi imene ili nawo. Ngati ndi USB, ThinkPad T420 kapena Latitude E6420, zonse za mu 2011, zili ndi madiraivala a XP, timapulogalamu tothandiza XP kuyendetsa zipangizo za laputopuyo. Pa purosesa, ubongo wa kompyuta, musapitirire Intel Core i5 ya m'badwo wachitatu, ya mu 2012. Zatsopano kuposa pamenepo zidzakuvutitsani, ndipo zambiri za masiku ano zimayaka ndi njira yatsopano yokha yotchedwa UEFI, imene XP siidziwa.

Musanaike XP, lowani mu BIOS, malo osinthira makonzedwe a kompyuta ikangoyatsidwa, ndipo ngati muli polembedwa SATA, njira yolumikizira disiki, musinthe kuchoka pa AHCI kupita pa IDE, pena amalemba Compatibility kapena ATA. Mukapanda kutero, sikirini idzangosanduka ya buluu. Memore yoposa 4GB musalipirire, chifukwa XP wamba amaona 3GB ndi pang'ono chabe. Ndipo popita kokagula, nyamulani chingwe ndi CD ya pulogalamu, muyesere pomwepo ndalama zikadali m'thumba.