Achemwali, pitirizani kuwerenga, koma ndemanga yanu izinena zoona

Achemwali, mwati gulu lanu la amayi kumpingo layamba kuwerenga mabuku a nkhani zopeka zachikhristu, ndipo anzanu akusankhani kuti muzilemba ndemanga ya buku lililonse mukamaliza. Mwatinso mkulu wa mpingo wina wakuuzani kuti chopeka ndi bodza basi, Mkhristu sayenera kutaya nacho nthawi. Ndiye mukufunsa ngati mupitirize, komanso kuti ndemangayo muziilemba motani.

Ine ndikuti pitirizani. Akuluwo musawayankhe mwamwano, chifukwa nkhawa yawo ndi yomveka: alipo anthu amene aika Baibulo pambali n'kumakhulupirira za m'mabuku oterewa ngati malemba. Koma mukapeza mpata, khalani nawo pansi mutsegule 2 Samueli 12. Mneneri Natani sanafike kwa Davide n'kuyamba ndi mawu oti wachita chigololo, wapha Uriya. Anamuuza za munthu wosauka amene anali ndi kankhosa kamodzi kokha, kodyera naye mbale imodzi ndi kugona pachifuwa pake, kenaka wolemera n'kukalanda kuphera mlendo. Davide anapsa mtima, n'kudziweruza yekha asanadziwe kuti akunena iyeyo. Mwana wolowerera wa pa Luka 15 nayenso ndi fanizo. Wabodza amafuna kuti musaone choonadi, pamene wopeka nkhani yabwino amakulowetsani m'choonadi kudzera pakhomo limene simunatseke.

Mkangano umenewu ndi wakale. John Bunyan, mlaliki wa ku Bedford ku England, anakhala m'ndende kuyambira 1660 mpaka 1672 chifukwa cholalikira popanda chilolezo cha boma. Buku lake la The Pilgrim's Progress, limene ambiri timalidziwa kuti Ulendo wa Mkhristu, linatuluka mu 1678, ndipo m'mawu oyamba iye mwini akufotokoza kuti anzake anagawikana: ena anati alisindikize, ena anati ayi. Lero lili m'zilankhulo zoposa 200. Mukanandifunsa buku loyambira, ndikanakuuzani limeneli, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndikufuna chikhale muyeso wanu polemba ndemanga.

Muli malo ena m'bukumo pamene mwini nkhani, dzina lake Mkhristu, ndi mnzake asiya njira chifukwa yakula miyala, n'kudutsa m'dambo looneka lofewa. Kumeneko chimphona chikuwagwira n'kuwatsekera m'ndende ya mdima kuyambira Lachitatu m'mawa mpaka Loweruka usiku, opanda chakudya ngakhale dontho la madzi. Chikuwamenya, kenaka chikuwalangiza kuti angodzipha. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Mkhristu, munthu woti katundu wake wa machimo anagwa kale pamtanda, akuyamba kuganizira malangizowo mozama, mpaka mnzake ndiye akumuletsa. Pambuyo pa pemphero loyambira pakati pa usiku mpaka mbandakucha m'pamene akukumbukira kuti pachifuwa pake ali ndi kiyi wotchedwa Lonjezo, wotsegula chitseko chilichonse cha ndendeyo. Bunyan sanaope kuonetsa wokhulupirira atataya mtima mpaka kulakalaka imfa. M'gulu lanu lomwelo, achemwali, alipo mayi wina amene anafikapo pamenepo ndipo sanauzeko munthu. Tsamba limenelo limuyankhula.

Choncho funso loyamba pa buku lililonse lisakhale loti muli mavesi angati. Dzifunseni ngati wolembayo wanena zoona za tchimo ndi za ululu. Mabuku ambiri amtunduwu amagwera apa. Mwamuna woledzera, womenya mkazi, akulowa m'tchalitchi pa mutu womaliza, misozi chuchuchu, mawa lake ntchito yapezeka, ngongole zatha, ana onse akhoza mayeso. Kunja kuno tonse timadziwa kuti munthu amatembenuka mtima koma ludzu la kachasu limamutsatabe, ndipo mkazi amene anamenyedwa zaka zambiri sayamba kukhulupirira mwamunayo tsiku limodzi. Buku lotere lili ngati nsima yosapsa, yooneka bwino m'mbale koma yopweteka m'mimba. Wowerenga amene anapemphera koma mwana wake n'kumwalirabe amatseka bukulo akudzifunsa chimene iyeyo analakwa. Mukakumana nalo nenani poyera, mwaulemu, kuti mathero ake ndi othamanga. Wolemba kukhala Mkhristu sikutimanga pakamwa.

Redeeming Love la Francine Rivers, la mu 1991, amayi ambiri amalikonda, ndipo pa mfundo imeneyi limayesetsa. Nkhani yake inatengedwa pa Hoseya ndi Gomeri n'kuikidwa ku California m'zaka za m'ma 1850, nthawi imene anthu ankathamangira golide. Mkazi wa m'nkhaniyo anagulitsidwa ku uhule ali mwana, ndipo ngakhale atapeza mwamuna womukonda amathawa kangapo, chifukwa sakhulupirira kuti munthu ngati iye angakondedwe. Kuthawa kobwerezabwerezako ndiko kumapatsa nkhaniyo mphamvu. Koma muli zolemera za kugwiriridwa, ndiye ndemanga yanu ichenjeze kuti si la ana, komanso kuti ena amene anadutsamo likhoza kuwadzutsira mabala. Ndipo pokambirana pasapezeke wina wotenga nkhaniyi n'kuuza mnzake amene akuzunzidwa m'banja kuti angopirira. Bukulo silinena zimenezo.

Za chiphunzitso ndinene mwachidule. Mabuku a Left Behind, amene Tim LaHaye ndi Jerry Jenkins anayamba kutulutsa mu 1995, anamangidwa pa kamvedwe kena ka mkwatulo ndi masiku otsiriza, ndipo si mipingo yonse imene imaphunzitsa choncho. Inu simukuyenera kugamula mlandu umenewo. Ingolembani kuti wolemba waima mbali iti, kuti owerenga adziwe chimene akulowa, ndipo zokayikitsa mupite nazo kwa abusa anu Baibulo lili m'manja.

Chondidandaulitsa ine n'chakuti magulu athu amangothamangira za ku America ngati kuno sitinalembepo. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Dutch Reformed amene analembanso Mbiri ya Achewa, anatulutsa Nthondo mu 1933. Ndi moyo wa munthu wa kumudzi kuyambira kubadwa mpaka kufa: unyamata wosokonekera, ufumu wa mudzi, kenaka Chikhristu. Bukuli linapata mphoto pa mpikisano wa zolemba m'zilankhulo za mu Africa, ndipo T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi mu 1934 ndi mutu wakuti Man of Africa. Likapezeka, ku CLAIM Mabuku kapena kwa aphunzitsi opuma amene amasunga mabuku akale, likupatsani zokambirana zimene la kunja silingakupatseni. Mwachitsanzo, kodi miyambo ya makolo yaonetsedwa mwachilungamo, kapena wolemba anaona ndi maso a mishoni? Pamenepo amayi achikulire a m'gulu lanu, aja amakhala chete Chingerezi chikachuluka, ndiwo atsogolere.

Polemba penipeni musatalikitse. Nenani nkhaniyo ndi ya yani ndipo vuto lake n'chiyani, koma mathero musaulule, anzanu sakukhululukirani. Sankhani malo amodzi amene anakugwirani mtima kapena kukukwiyitsani, muwafotokoze bwinobwino monga ndayesera ndi ndende ija. Mawu oti "ndadalitsika kwambiri" paokha sathandiza wofuna kusankha buku, tiuzeni chimene chakudalitsani. Tchulaninso ngati Chingerezi chake n'chovuta, poti cha Bunyan ndi chakale ndithu ndipo ena angachite bwino kupeza losavuta. Mukalemba ndemanga yoyamba mutitumizire, ndipo mutiuze buku limene mwasankha kuti ena tiwerenge nanu limodzi.