Makina a m'masewero akale a pa TV: yang'anani mabatani, osati dzina

Achimwene, mwafunsa za makina amene mwawaona m'sewero la pa TV la ku America la cha m'ma 1979. Mwati sikirini ndi kiyibodi zili m'thupi limodzi lobulungira, dzina la kampani silikuoneka, ndipo Google Lens, pulogalamu yozindikira zinthu pachithunzi, ikukuuzani zosiyanasiyana nthawi iliyonse mukaifunsa. Mukufuna dzina la makinawo ndi njira yozindikirira ena otere.

Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikukayika ngati imeneyo ili kompyuta n'komwe. Ikuoneka kuti ndi terminal, kutanthauza sikirini ndi kiyibodi chabe zimene zinkalumikizidwa ndi waya ku kompyuta yaikulu yokhala m'chipinda china. Yoyamba kuiganizira ndi ADM-3A ya kampani ya Lear Siegler, ya mu 1976. Koma musathamangire kuvomera, tiyeni titsimikize.

Chithunzi mwatumizachi chachepetsedwa kwambiri, mabatani sakuwerengeka. Tsegulani kanemayo mu pulogalamu yoonerera kanema ya VLC pa kompyuta, muimitse pamalopo, kenako muzidina E kuti azisuntha chithunzi chimodzichimodzi mpaka mupeze pamene kamera yaima chilili. Pa Windows, Shift ndi S pamodzi zimasunga chithunzicho. Mukaona m'mbali mwa zinthu muli timizere ngati mano a chipeso, dinani D kuti VLC isalaze. Potumiza pa WhatsApp, chitumizeni ngati document kuti chisafinyidwe. Mapulogalamu a AI owalitsa zithunzi asiyeni, chifukwa pamene sakuona bwino amapeka okha zilembo, ndiye mumangosaka dzina limene kulibe. Muyang'anenso zigawo zina za sewerolo. Chipinda chimodzi ankachijambula kambirimbiri, ndipo penapake kamera idzadutsa pafupi.

Chaka cha sewero chimangokuuzani malire a kutsogolo. Makina sangakhale atsopano kuposa chaka chimene anajambula, koma angathe kukhala akale ndi zaka khumi kapena makumi atatu. Makampani a mafilimu ankatola makina otayidwa ndi boma ndi mabizinesi. Makoma a timababu tothwanima a m'sewero la The Time Tunnel, la 1966 mpaka 1967, ndi zidutswa za IBM AN/FSQ-7, kompyuta ya asilikali a m'ndege a ku America ya m'ma 1950, ndipo zidutswa zomwezo zinapitiriza kuoneka m'masewero ena zaka zambiri pambuyo pake. Chibokosi cha masiwichi cha Burroughs B205, chanthawi yomweyo, chili mu Batman wa 1966 komanso mu Lost in Space. Choncho mukaona khoma la timababu m'sewero la 1980, kasakeni m'ma 1950 ndi m'ma 1960.

Zolembedwa pa sikirini musazidalire ngakhale pang'ono. Kamera ya filimu imajambula zithunzi 24 pa sekondi, pamene sikirini ya ku America inkathwanima ka 60. Ziwirizi sizigwirizana, ndiye pachithunzi pamatuluka mzere wakuda woyenda. Pofuna kupewa zimenezi, ankalumikiza sikiriniyo ku tepi kapena makina ena obisika amene anawakonza kuti aziyenda limodzi ndi kamera. N'chifukwa chake mumaona makina amene ankangotha kuonetsa zilembo zobiriwira akuonetsa mapu okongola amitundumitundu. Dzina nalonso ankalimata ndi tepi kapena kuikapo lopeka, ndipo utoto ankatha kusintha.

Chimene sankavutika nacho kusintha ndi kiyibodi, ndipo m'pamene mayankho ambiri amapezeka. ADM-3A ili ndi sikirini ya mainchi 12 ndipo ilibe mabatani a manambala apadera kumanja. Kumanzere kwa kiyibodi kuli kachivundikiro kokhala ndi dzina, kamene pansi pake pali timasiwichi tosinthira liwiro la kulumikizana. Chizindikiro chake chodalirika kwambiri ndi timivi tojambulidwa pa mabatani a H, J, K ndi L. Mukationa timeneti, nkhani yatha. Mukapeza kuti kumanja kuli mabatani a manambala m'thupi lomwelo, ganizirani za Hazeltine 1500 ya 1977 kapena Heathkit H19, imene inkagulitsidwanso ndi dzina la Zenith Z-19. VT52 ya kampani ya DEC, ya 1975, ndi chibokosi chachikulu cha ngodya, sikirini yake ili chakumanzere. VT100 ya 1978 imasiyana ndi zonsezi chifukwa kiyibodi yake ndi yapayokha, ya waya, ndipo pamwamba pa manambala pali mabatani anayi, PF1 mpaka PF4.

Kumbali ya makompyuta enieni a m'nyumba ndi m'maofesi, njira ndi yomweyo. Commodore PET 2001 ya 1977 ili ndi sikirini yaing'ono yotakasuka kumunsi, timabatani tating'ono tothinana, ndi choseweretsera kaseti kumanzere kwa kiyibodi. TRS-80 Model III ya 1980 ndi yotuwa ngati siliva, ndipo malo a madisiki awiri ndi osanjikizana kumanja kwa sikirini. Model 4 ya 1983 ikufanana nayo thupi koma ndi yoyera. Apple II ndi II Plus zili ndi mabatani awiri okha a mivi, wa kumanzere ndi wa kumanja, pamene IIe ya 1983 ili ndi anayi komanso mabatani awiri a chizindikiro cha apulo m'mbali mwa batani lalitali la mpata. IBM 5150 ya 1981 muizindikira ndi mabatani khumi a F amene ali kumanzere m'mizere iwiri yotsika. Ngati sewero ndi la ku Britain, mzere wa mabatani ofiira pamwamba ndi BBC Micro, pamene kanthu kakang'ono kakuda ka mabatani a labala ndi mizere ya utawaleza pakona ndi ZX Spectrum ya 1982.

Imene imapusitsa anthu ambiri ndi VIC-20 ndi Commodore 64. Thupi ndi limodzi, mabatani anayi a F kumanja ndi amodzimodzi, kusiyana kwake koonekera msanga ndi mtundu: VIC-20 ndi yoyererapo, 64 ndi yoderapo. Magetsi a pojambulira amasokoneza mitundu, ndiye yerekezani ndi chinthu choyera chimene chili pafupi, monga pepala kapena kolala ya shati. Sewero likakhala la chaka cha 1982 chisanafike, ndi VIC-20.

Kukula kwa chinthu mungathe kukupima pachithunzi pomwepo. Pa kiyibodi yachikulire, kuchoka pakati pa batani lina kufika pakati pa linzake ndi mamilimita 19, ndiye mabatani khumi ndi masentimita 19. Ndi muyeso umenewu mudziwa ngati kabowo kolowetsa disiki ndi ka mainchi 8, 5.25 kapena 3.5, ndipo zimenezi zimadula theka la ntchito: ya mainchi 8 inayamba mu 1971, ya 5.25 mu 1976, ya 3.5 inafala kuyambira pa Macintosh ya 1984. Makina omangidwa ndi masikuluwu pa kabati yachitsulo nkhope yake imakhala mainchi 19 m'lifupi, pafupifupi masentimita 48. Manambala owala nawonso amanena msinkhu. Achikasu chofiirira okhala m'timababu tagalasi, amene aliyense amaoneka kuti ali patsogolo kapena kumbuyo kwa mnzake, ndi a Nixie, a m'ma 1950 ndi 1960. Ofiira a timizere tisanu ndi tiwiri ndi a LED, a m'ma 1970.

Chenjezo lina lalikulu: chimene chikuoneka ngati makina amodzi nthawi zambiri ndi zidutswa za makina angapo. Kompyuta ya m'chipinda cha pansi pa nthaka m'sewero la Lost ndi Apple II Plus yoikidwa sikirini ya Apple III pamwamba. Muzisaka chidutswa chilichonse pachokha, kiyibodi payokha, sikirini payokha. Google Lens imasokonezeka pa chifukwa chomwechi, ndiye dulani chithunzi mutsale ndi chidutswa chimodzi musanaifunse. Zina si makompyuta n'komwe. Kasikirini kozungulira kapena kakang'ono kokhala ndi kamzere kobiriwira kovina ndi oscilloscope, yopimira magetsi, nthawi zambiri ya Tektronix kapena Hewlett-Packard. M'sewero la Star Trek loyamba lija, zipangizo zina za dokotala zinali timabotolo tothirira mchere.

Mukakhala ndi dzina loganizira, yambani ndi Starring the Computer, tsamba limene linasanja makompyuta oonekera m'mafilimu ndi m'masewero, ndipo mungasake ndi dzina la sewero kapena la makina. Ngati mulibe, pitani ku Bitsavers kumene kuli mabuku a malangizo a makina akale okhala ndi zojambula za kiyibodi, kapena ku Internet Archive muone malonda a m'magazini ya Byte a chaka cha sewerolo ndi zaka zitatu za m'mbuyo mwake. Malonda ndi abwino chifukwa amaonetsa makina asanachite chikasu ndi ukalamba. Ine sindivomereza dzina mpaka zinthu zitatu zosiyana zitagwirizana, mwachitsanzo kasanjidwe ka mabatani, malo a siwichi kapena kababu, ndi timipata tolowera mpweya.

Tumizaninso chithunzi chimodzi choonetsa kiyibodi kuchokera pamwamba ndi china cha m'mbali, mutchulenso dzina la sewero ndi chigawo chake. Pa cha kiyibodi, onetsetsani kuti mzere wapakati, pamene pali H, J, K ndi L, ukuwerengeka.